Mpando wa Nargis

Ine ndi Nargis Tadros tinayamba ntchito tsiku limodzi, m'chaka cha 1949, pa kampani ina yogulitsa thonje kunja imene inali ndi maofesi ake mumsewu wa Cherif, ku Alexandria. Tonse tinaphunzira kwa masisitere, tonse tinkakhala ku Moharram Bey, ndipo tinkapemphera tchalitchi chimodzi kuyambira tili ana. Anatiika m'chipinda cha atsikana otayipa, m'mene munali makina khumi ndi awiri m'mizere itatu, ndi Madamu Odette kutsogolo atakhala motiyang'ana ngati pa mayeso. Dzina langa ndine Widad Boulos, ndipo malo anga anali mumzere wachiwiri, pafupi ndi khoma.

Ine ndinkatayipa bwino, koma Nargis anali wina. Munthu akamayankhula Chifalansa kapena Chingerezi, iye ankalemba mwachidule n'kumamudikira kuti apitirize. Ndiye yekha amene ankachoka pa makina a Chifalansa n'kukakhala pa a Chiarabu zala osasokonezeka. Patatha zaka ziwiri, a Petridis, mwini kampaniyo, anamuchotsa pakati pathu n'kumuika m'kachipinda ka pakhomo pa ofesi yawo, kokhala ndi matelefoni awiri ndi zenera loyang'ana kumsewu. Anakhala mlembi wa abwana.

Ntchitoyo ankaikonda moti nthawi zina ndinkamuseka. Ankadziwa sitima iliyonse imene yaima padoko ndi mitolo yathu ya thonje, ankadziwa ogula a ku Liverpool amene amachedwa kuyankha ndi amene amapsa mtima msanga. A Petridis akakwiya ankamuuza kalata yodzaza ndi matukwano, iye n'kulemba zonse mwaulemu wake, kenako n'kukatayipa ina yofatsa, ndipo iwo ankasayina osanena kanthu. Masana tinkadyera limodzi pa masitepe a kuseri, buledi ndi tchizi ndi tomato, iye akundisimbira zonsezi n'kumatsanzira mayankhulidwe a abwana mpaka ine kutsamwa ndi kuseka.

Lamulo la pakampanipo aliyense ankalidziwa. Mtsikana akatomeredwa ankapitiriza ntchito, koma akangokwatiwa ankapatsidwa mbale zatiyi ngati mphatso n'kutsanzikana naye. Madamu Odette ankati mkazi wokwatiwa amatayipa mtima uli pa mphika umene wasiya kunyumba. Iwowo mwamuna wawo anamwalira kalekale, ndiye lamulolo silinkawakhudza.

Nargis anatomeredwa ndi Fayek, mnyamata wofatsa amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala ku Attarine. Anali wa nsapato zowala nthawi zonse, wosakweza mawu, ndipo amayi ake a Nargis ankati mwamuna ngati ameneyo sapezeka kawiri. Chitomero chitatha chaka, Fayek anatopa kudikira. Nargis anavomera ukwati koma anaika mfundo yake: apitiriza ntchito zaka zina zitatu, ndipo ku ofesi asadziwe munthu. Fayek analumbira kusunga mfundoyo pamaso pa bambo ake a Nargis ndi mchimwene wake Makram, dzanja lili pa Buku Lopatulika. Ukwati unachitikira ku Damanhour, kwawo kwa Fayek, m'mwezi wa Ogasiti pa nthawi ya tchuthi chathu. Ine ndinaima kumbuyo kwa mkwatibwi nditagwira kandulo. Wa ku ofesi ndinalipo ndekha.

Kuyambira pamenepo tinkakumana pa tramu ya m'mawa, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu, ndipo tisanafike pa Mansheya Nargis ankavula mphete kudzanja lamanzere n'kuibwezera kumanja, kuti akalowe mu ofesi ali wotomeredwa chabe. Madzulo ankaibwezera kumanzere. Nthawi zina ankaiwala, ine n'kumugunda ndi chigongono pakhomo penipeni. Tinkaseka nazo. Zinkaoneka ngati masewera a atsikana a sukulu.

Miyezi imeneyo ndi imenenso Makram anayamba kundiperekeza tikatuluka m'tchalitchi Lamulungu. Ankagwira ntchito yoyeza malo ku njanji, munthu wamtali wosachedwa kuseka, amene ndinamudziwa akadali wovala kabudula. Amayi ake anabwera kwathu kawiri, namwa khofi ndi amayi anga, nayamikira nsalu za pazenera. Mawu enieni anali asananenedwe, koma tonse tinkadziwa kuti adzanenedwa ikatha Pasaka.

Lolemba lina m'mwezi wa Malichi, a Petridis anaitana Nargis ndi kabuku kake monga mwa masiku onse. Anamuuza makalata awiri a ku Liverpool, kenako anayamba yachitatu: kwa aliyense amene zingamukhudze, tikuchitira umboni kuti mayi ameneyu wagwira ntchito nafe zaka zinayi mokhulupirika. Nargis analemba mpaka pamene anatchula dzina lake, ndi la mwamuna wake kumapeto. Anamuuza kuti iwo sakanafuna, koma wawauza munthu womudziwa bwino kwambiri, amene pa ukwatiwo analipo, ndipo sangachitenso ngati sakudziwa. Nargis anakatayipa makalata atatu onsewo, yakeyonso, popanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Ine sindinkadziwa kanthu. Ndinangomva Madamu Odette akundiitana, nandiuza kuti ndisonkhe zinthu zanga chifukwa kuyambira masana amenewo ndikakhala pakhomo pa abwana. Ndisanafunse n'komwe chifukwa chake, Nargis analowa atavala jekete lake, chikwama chili m'manja. Makina onse analeka kulira. Anayenda pakati pa mizere mpaka pamene ndinaima, nandiyang'ana bwinobwino.

"Mpando uja ndakusiyira, Widad," anatero, osakweza mawu. "Ukanangondipempha."

Ndinamuthamangira pa masitepe ndikulumbira pa dzina la Namwali Woyera, pa moyo wa amayi anga, pa chilichonse chimene chinabwera pakamwa. Sanacheuke. Nditabwerera ndinauza Madamu Odette kuti mpandowo sindikuufuna, iwo n'kundiyankha kuti pakampani pano munthu sasankha pokhala, ndikakana ndiye kuti ndatsanzika. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinalibe pothawira. Koma zoona zake n'zakuti kachipinda kaja ndinkakasirira kuyambira tsiku limene Nargis analowamo, ndipo masana amenewo ndinakakhalamo.

Atsikana anzanga analeka kundiyankhulitsa. Ndikalowa m'chipinda chovalira ankatuluka, ndikapereka ntchito ankailandira osandiyang'ana. Wina anandiikira mbale yatiyi yosweka m'dilowa. Masana ndinkadya ndekha pamene ndinkagwira ntchito pomwepo. Kutchalitchi, amayi ake a Nargis anasamuka pa benchi imene ankakhala ndi amayi anga kwa zaka makumi awiri. Ndinapita kwa Nargis katatu, apongozi ake n'kumandiuza pakhomo kuti wagona. Ndinalemba makalata awiri, onse anabwerera osatsegulidwa.

Makram ndinakumana naye kamodzi pabwalo la tchalitchi, Sabata ya Kanjedza. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti ngati si ine, nanga wina wa ku ofesi amene anali ku Damanhour ndani. Ndinati sindikudziwa, koma si ine. Anayang'ana chipewa chake kwa kanthawi, nati wamva, n'kumapita. Pasaka inadutsa, kwathu sikunabwere munthu. Amayi anga anabwezera m'kabati makapu abwino olandirira alendo, ndipo ngakhale ankati akundikhulupirira, tsiku lina anandifunsa tikusenda anyezi ngati mwina sindinangoyankhula mosaganiza kwa wina wake.

Ndinagwira ntchito ya Nargis miyezi isanu ndili chomwecho. Ndinaiphunzira, ngakhale sindinafike pa iye. M'madilowa munali tizikalata take tokumbutsa kuti uyu amakonda kutchulidwa ndi udindo wake, uyu usamuimbire Lachisanu, ndipo ndinkatsatira zonse.

Tsiku lina la mu Ogasiti, kukutentha moti mapepala ankamatirira kumanja, a Petridis atamaliza kundiuza makalata anavula magalasi n'kuyamba kucheza. Anati ndine wakhama koma sindiseka, pamene Nargis ankawaseketsa ngakhale mitengo ya thonje itagwa.

"Ndimamusowa mwana ameneyo," anatero. "Mukuganiza kuti sindinkadziwa? Ndinadziwa kuyambira Okutobala. Chala chakumanzere chinali ndi mkombero woyera, ine ndine wokalamba koma si wakhungu. Ndikanapitiriza kutseka maso mpaka lero. Koma mwamuna akavala suti yake ya Lamulungu n'kubwera kunyumba kwanga kudzandipempha kuti ndimubwezere mkazi wake, ndingatani?"

Ndinafunsa kuti mwamuna wake uti, ngati kuti analipo awiri.

"Wa mankhwala uja. Munthu waulemu kwambiri. Anandipempha kuti ndisamutchule, ndipo sindinamutchule." Anavalanso magalasi. "Bwanji, simunkadziwa? Ndinkayesa ndinu mabwenzi."

Sindikudziwa kuti makalata a tsiku limenelo ndinawatayipa bwanji. Mumtima munali chimwemwe chochititsa manyazi. Ndinkamumvera chisoni Nargis, inde, pokhala m'nyumba imodzi ndi munthu wotero osadziwa, koma koposa zonse ndinkaganiza za nkhope yake akamva, m'mene adzandikumbatire, m'mene tidzapitire limodzi kwa amayi ake.

Loweruka tinkaweruka masana. Ndinapita kwa Nargis ku Attarine pa nthawi imene ndinkadziwa kuti Fayek ali kusitolo, ndipo mwamwayi apongozi aja anali atapita ku Damanhour. Nargis anatsegula yekha. Anali ndi pakati pooneka kale, atavala mkanjo wa m'nyumba, tsitsi atalimanga ndi kansalu. Sanadabwe kundiona. Anandisiyira chitseko chotsegula n'kubwerera kukhitchini, kumene ankakulunga mpunga m'masamba a mpesa, kenako n'kumandandalika mumphika.

Ndinayankhula ndili chiimire, mothamanga, zonse zimene a Petridis ananena, suti ya Lamulungu, pempho loti asamutchule. Iye sanaleke kukulunga. Nditamaliza anatenga tsamba lina, naliyala patebulo, nalisalaza ndi chala.

"Ndikudziwa," anatero.

Ndinayesa kuti sindinamve bwino.

"Ndinadziwa Lachinayi la sabata yomwe ija. Apongozi anga analephera kusunga pakamwa, anayamba kudzitama kuti mwana wawo ndi mwamuna weniweni. Nditamufunsa sanakane. Analira, ati anzake kusitolo ankamuseka kuti mkazi wake amathamangira belu la mwamuna wina."

"Lachinayi," ndinatero. "Ine ndinabwera pano Lachisanu, apongozi ako n'kundiuza kuti wagona."

"Sindinagone. Ndinali kuseri kwa chitseko icho."

Ndinakhala pampando. Ndinamufunsa za makalata anga, anati sanawatsegule chifukwa ankadziwa zimene zinali m'katimo. Ndinamufunsa ngati amayi ake akudziwa, ngati Makram akudziwa, anapukusa mutu. Anandiuza kuti Fayek analumbira pamaso pa bambo ake a iye Nargis, ndipo bambo akewo atamva kuti anaphwanya lumbiro sadzapondanso m'nyumbamo, Makram akhoza kumumenya pamsewu, mabanja awiriwo sadzakhalanso pa tebulo limodzi. Nanga iye apite kuti? Tchalitchi chathu sichimasula ukwati chifukwa mwamuna wachotsetsa mkazi wake ntchito. Mwana akubwera mu Novembala. Anati anaganiza usana ndi usiku, n'kuona kuti nkhani imene anthu anaikhulupirira kale ikhale momwemo.

"Ndiye unasankha ine."

"Sindinasankhe. Ndinali nditanena kale pamaso pa atsikana onse, ndikanabweza bwanji?" Apa ndi pamene anandiyang'ana koyamba. "Iwe uli ndi ntchito, Widad. Uli ndi mpando wanga, matelefoni anga, zenera langa. Ine ndatsala ndi munthu ameneyu basi, ndiye ndiyenera kumatha kumuyang'ana akamadya."

"Nanga Makram?"

Anabwerera ku masamba ake. Kenako anati Makram ndi mwamuna, apeza wina, ndipo inenso ndine wokongola, ndipeza wina. Ananena zimenezi mofatsa, ngati akundiuza kuti tramu ina ikubwera. Atatero anandigwira dzanja, zala zake zili zonyowa ndi mafuta, nandipempha m'dzina la ubwana wathu kuti ndisauze munthu. Anati akudziwa kuti alibe ufulu wopempha, koma akupemphabe. Anafunsa ngati ndingadye naye, chifukwa waphika zambiri.

Ndinachotsa dzanja langa n'kutuluka. Pa masitepe ndinakumana ndi Fayek akukwera, atanyamula chivwende. Anandivulira chipewa.

Sindinamvere pempholo. Lachiwiri ndinakadikira Makram pa chipata cha siteshoni nthawi yoweruka, ndipo ndinamuuza zonse titaima pambali pa wogulitsa madzi a nzimbe. Anandikhulupirira nthawi yomweyo, ndinaona pankhope pake. Anatukwana Fayek ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pake. Anandipepesa kawiri, nandiperekeza mpaka pa tramu, nati ndimupatse masiku ochepa akayankhule ndi mlongo wake ndi bambo ake, kenako abwera kwathu monga kuyenera.

Ndinauza amayi anga, iwo n'kutulutsanso makapu aja. Tinadikira Lamulungu loyamba, lachiwiri, lachitatu. Lamulungu lachinayi ndinamuona Makram m'tchalitchi atakhala benchi imodzi ndi Fayek, akumugwirira buku la nyimbo. Potuluka anandipeza pafupi ndi chipata.

"Widad, ndayankhula ndi Nargis," anatero. "Waona m'mene alili. Adokotala akuti asakhumudwe ndi kanthu mpaka abereke. Bambonso mtima wawo suli bwino. Tiye tidikire pang'ono."

"Mpaka liti, a Makram?"

"Zikakhazikika."

"Ndiye amayi anu apitirize kundiyesa chimene amandiyesacho?"

Anati amayi ake ndi munthu wamkulu, maganizo awo sasintha msanga, ndipo ngakhale atamva zoona, kundilandira m'nyumba ngati mpongozi kungakhale kumukumbutsa Nargis tsiku ndi tsiku. Ndinamvetsa pamenepo kuti nkhaniyo anaikambirana, naimaliza, ine kulibe. Mwana anabadwa mu Novembala, wamkazi. Mu Januwale Makram anatomera mwana wa msuweni wa amayi ake. Ife tinasamukira ku tchalitchi cha ku Camp Caesar, ngakhale chinali kutali, chifukwa amayi anga sankathanso kukhala m'chija.

Ku ofesi sindinauze munthu. Atsikana amene anamva mawu a Nargis tsiku lija anachoka mmodzimmodzi, aliyense ndi mbale zake zatiyi, ndipo obwera m'malo mwawo ankangomva kuti mlembi wa abwana ndi munthu woti uzisamala naye. Sindinawatsutse. Anthu awiri anandifunsira m'zaka zotsatira, mmodzi mphunzitsi wabwino ndithu, koma onse ankafuna ndisiye ntchito, ndipo ine ndinali nditailipirira kale kwambiri moti sindikanaisiya. Boma litatenga makampani a thonje mu 1961, a Petridis anapita ku Athens, Madamu Odette anapuma, ine ndinakhala woyang'anira alembi onse. Lamulo lija linatha popanda wolilira. Atsikana ankakwatiwa Lamulungu, patatha sabata n'kubwerera pa makina awo, ine n'kumasayina makadi owafunira mafuno abwino.

Nargis ndinakumana nayenso kamodzi kokha, mu 1964, pa siteshoni ya Raml. Anali ndi ana atatu, wamng'ono atamunyamula, ndipo ananenepa moti ndinamuzindikira ndi mawu pamene ankakalipira wamkulu kuti asayandikire njanji. Anandiona ndisanapeze kolowera. Anauza ana kuti apereke moni kwa azakhali, iwo n'kupereka. Anandifunsa za amayi anga, ndinamuuza kuti anamwalira chaka chatha, anati anamva koma sanadziwe ngati ndikanafuna kuti abwere. Ndinati sindikanafuna.

Anayang'ana chikwama changa cha mafaelo, kenako nsapato zanga. Anafunsa ngati ogula a ku Liverpool akadalipo, ndinati masiku ano timagulitsa kwambiri kwa a ku Russia. Anafunsa kuti makalatawo timalemba m'chinenero chanji, ndani amawamasulira, makina ndi omwe aja kapena tinagula amagetsi. Mafunso ankatuluka motsatizana, maso ake akuwala, mwana wa m'manja akumukoka tsitsi iye osamva. Anandiuza kuti nthawi zina wailesi ikamayankhula amatenga pensulo n'kumalemba mwachidule kuseri kwa makope a ana, kungofuna kuona ngati dzanja likukumbukira, ndipo likukumbukira ndithu. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndamva kuti tsopano mumalandira okwatiwa. Wamng'onoyu akayamba sukulu, mwina theka la tsiku... Fayek wafewa masiku ano. Ndiwe umalemba anthu, eti?"

Ndinamuuza kuti ofuna ntchito amalemba kalata ku ofesi yolemba anthu, naphatikizapo umboni wa kumene anagwirako kale, ndipo amayesedwa liwiro la kutayipa Lachitatu loyamba la mwezi. Ndinanena monga m'mene ndinkanenera kwa aliyense wofunsa. Anagwedeza mutu, nasamutsira mwana kudzanja lina.

Tramu ya ku Bacos inafika, iye anakweza ana mmodzimmodzi, mwamuna wina n'kumupatsa malo. Ine yanga inali yotsatira. Kalata yake ndinaiyembekezera miyezi ingapo, osadziwa chimene ndidzachite nayo ikafika patebulo langa, koma sinabwere.